Magetsi a M'ntchafu mwa Bambo

Bambo anga anagwira ntchito ya magetsi moyo wawo wonse, mpaka anthu anaiwala dzina lawo n'kumangowaitana kuti a Mawaya. Ndiye tsiku limene mtsikana wa mafizo, wothandiza odwala kulimbitsa thupi, anabwera ndi kabokosi konga kawayilesi, n'kunena kuti akufuna kuwalowetsa magetsi m'ntchafu, bambo anaseka mpaka makina osefa magazi analira.

"Mwanawe, ine magetsi anandimenyapo pamwamba pa mapolo iwe usanabadwe. Ako a m'tochiwa andichita chiyani?"

Ndifotokoze kaye mmene tinafikira pamenepo. Impso za bambo zinasiya kugwira ntchito, choncho kangapo pa sabata ndimawaperekeza kuchipatala kukakhala pampando nthawi yaitali, magazi akutuluka, kusefedwa ndi makina, n'kubwereranso m'thupi. Moyo unapulumuka koma miyendo inapita. Munthu amene ankakwera polo akuimba mluzu anayamba kulephera kudzuka pampando popanda womukoka. Ntchafu zinatsala ngati mipini ya tsache.

Tsono makolo anga amakhala pamwamba penipeni pa nyumba yosanja, ndipo kulibe chikepe, ndi masitepe okhaokha. Poyamba anthu oyandikana nawo ankawanyamula pampando. Tsiku lina mmodzi anaterereka, mpando unapendekeka, bambo anapulumukira pa chitsulo chogwirira. Kuyambira pomwepo anakana. "Wonyamulidwa ndi anthu anayi ndi maliro. Ine sindinafe." Anasamukira kwa ine, m'kachipinda ka kuseri kwa saluni yanga, momwe mumanunkha mankhwala a tsitsi. Amayi anatsala kumwamba. Maso awo anatha ndi shuga, koma nyumba yawo amaidziwa ndi manja, ndipo chiyambire kusaona pamasitepe sanapondepo. Awiriwa ankalankhulana pafoni m'mawa ndi madzulo, makamaka kukangana.

Achimwene anga, amene amakhala mumzinda wina kutali, anagamula nkhani pafoni pomwepo. Akabwera pa tchuthi ndi lole adzatenga amayi kukakhala nawo, nyumba ibwerere kwa eni ake. Bambo sakanatha kutsatira chifukwa kumeneko makina osefa magazi ali kutali. "Pokhapokha bambo akwere okha masitepe aja," anatero achimwene, ndi mawu a munthu amene akudziwa kuti sizingatheke. Ndinapsa mtima. Kachipinda kanga sikakanakwana anthu atatu.

Ndiye tinali pamenepo, m'chipinda chosefera magazi, mtsikana wa mafizo akumata tizigamba ta mawaya pa ntchafu za bambo.

"Mnofu ukakhala osagwira ntchito umagona, kenako umafota," anatero. "Magetsiwa amaudzutsa. Umakungika, kumasuka, kukungika, ngati mukuyenda koma muli khale. Poti pano mumangokhala, bola miyendo izigwirako ntchito."

Anapotokola kabatani pang'ono. Ntchafu ya bambo inadumpha yokha. Kuseka kuja kunatha. Bambo anauyang'ana mwendo wawo ngati wa munthu wina.

"Chitanso," anatero.

Kuyambira tsiku limenelo sitinaonenso mtendere. Bambo ankadzuka kusanache n'kuvala, kumandifulumizitsa ngati tikuthamangira basi. M'thumba mwawo munkakhala kachidutswa ka waya koyezera ntchafu. Amakazunguliza, kukapinda pamene kathera, mawa lake kuyezanso. Akapeza kuti sipanasinthe, tsikulo tiyi anali wozizira, pilo anali wolimba, makasitomala anga anali aphokoso. Ine ndinkangoluma mano. Munthu wodwala sumuyankha, koma mumtima ndinkawayankha bwino ndithu.

"Wonjezerako moto, mwanawe," ankamupempha wa mafizo ulendo uliwonse.

"Pang'onopang'ono, bambo. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Nkhono ilibe mwana amene akubwera ndi lole."

Pampando woyandikana nawo pamakhala mayi wina wachikulire amene onse amamutcha Aphunzitsi. Iwowo anayamba kale zamagetsizi ndipo tsopano ankalowa m'chipindamo okha, ndi ndodo chabe. Bambo akawaona akulowa, nsanje inkachita kuonekera pankhope.

Tsiku lina kasitomala anandiimbira, ndinatuluka panja kukayankha. Wa mafizo naye anali ataitanidwa kwa wodwala wina. Zimene zinachitika ndinazimva kwa Aphunzitsi pambuyo pake. Akuti bambo anakokera kabokosi kaja pansi pa bulangete n'kupotokola kabatani ndithu. Miyendo inayamba kuvina njenjenje, thukuta kamukamu, iwo mano ali gwa.

"A Mawaya, zimenezo mufa nazo," anawachenjeza Aphunzitsi.

"Mwana uja amaopa magetsi. Ine ndimawadziwa."

Wa mafizo asanabwere anabwezera kabatani pamalo pake. Pobwerera kunyumba anali ndi chimwemwe chodzaza tsaya, kumandiuza kuti lero ndiye agwira ntchito yeniyeni. Ndidziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo. M'mawa mwake sanathe ngakhale kutsitsa miyendo pabedi. Ntchafu zinali gwaa, zotupa, ndipo pamene panali tizigamba panafiira ngati awasita. Kuchipatala anayeza magazi n'kupeza kuti mchere wina woopsa ku mtima wakwera. Dokotala anati mnofu ukavulala umataya zinyalala m'magazi, ndipo munthu wopanda impso alibe pozitulutsira.

Wa mafizo sanakalipe. Anangoima chapatali, manja m'thumba.

"Bambo, waya woonda mukamupatsa moto wambiri amatani?"

Bambo anayang'ana kudenga. "Amapsa."

"Kabokosi kapuma kaye mpaka muchire."

Masiku amenewo sindikufuna kuwakumbukira. Bambo anasiya kukangana ndi aliyense, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa matendawo. Kachidutswa ka waya ndinakapeza m'bini pamodzi ndi tsitsi losesa. Ankangogona chagada, kutembenuka, kukhala tsonga, kugonanso. Ine ndinkaluka makasitomala khutu lili kuchipinda, mpaka mayi wina ndinamuluka mizere yokhota, anachoka akutukwana. Amayi sitinawauze kanthu, koma madzulo ena ndinamva mawu awo akutuluka m'foni.

"Inu, mwakhala chete ngati mwana waswa mbale. Mwalakwa chiyani?"

Bambo anaulula. Amayi anawanena mokwanira, palibe chimene anasiya. Atatopa anafunsa kuti, "Kodi kamakinako kamachita bwanji kwenikweni?"

"Kamafinya, n'kusiya. Kamafinya, n'kusiya."

"Basi? Ndiye zimenezo n'zofera?"

Bambo atachira, kabokosi kanabwerera, kabatani kali pansi penipeni ngati poyamba. Ulendo uno wa mafizo anawapatsanso ntchito ina. "Magetsi akamakoka, inunso kokani nawo. Iwowa amangodzutsa mnofu, koma masitepe mukwera ndinu." Kunyumba bambo anayamba kudzuka ndi kukhala pampando wa mu saluni, manja atapinda pachifuwa, azimayi oumitsa tsitsi m'madiraya akuwachemerera. Kenako anabwereka kireti ya mabotolo kugolosale, kumakwerapo ndi kutsika atagwira khoma. Tsiku limene anadzuka okha pampando wa kuchipatala, Aphunzitsi anaomba m'manja ndi dzanja limodzi pa ntchafu, poti linalo linali ndi mapaipi.

"Nanga masitepe?" bambo anafunsa.

"Osati panopa," anatero wa mafizo. "Mwina mwezi wamawa. Mukanapanda kupotokola kabatani kaja bwenzi tili pafupi."

Koma tchuthi sichinadikire mwezi wamawa. M'mawa wina achimwene anaimba ali pamsewu, kuti apeza lole ndi anthu onyamula katundu, afika masana. Nditalowa kuchipinda ndinapeza bambo atavala nsapato zawo zakuntchito, akumanga zingwe.

"Bambo, wa mafizo anati mudikire."

"Ndamva. Itana takisi."

Ndinafuna kukana. Ndinkaopa kuti agwa, ndinkaopanso kuti akalephera pamaso pa anthu, mtima wawo sudzadzukanso. Koma ndinaitana.

Masitepe a nyumba ija sindinawaonepo ataliatali ngati tsiku limenelo. Bambo anagwira chitsulo ndi dzanja lamanja, poti lamanzere ndi la singano za kuchipatala, saloledwa kulilemetsa. Ine ndinali kumbuyo, manja ali m'mwamba osawakhudza, chifukwa anandiuza kuti ndikangowagwira, achimwene adzati ndawanyamula. Mwendo umodzi, kupuma, mwendo wina. Tinadutsa nsanja yoyamba. Zitseko zinayamba kutseguka, anthu kusuzumira. Tinadutsa yachiwiri, bambo ali wefuwefu, malaya atanyowa. Pamene masitepe amakhotera kupita ku nsanja yomaliza, mawondo anayamba gwedegwede. Anakhala pansi, phwata.

"Ndipume kaye," anatero. Anapuma, anayesa kudzuka, zinakanika. Anayesanso. Anamenya ntchafu ndi chibakera, n'kuweramitsa mutu. Panja tinamva hutala ya lole.

Kumwamba chitseko chinatseguka. Ndinaona phazi la amayi likufufuza sitepe yoyamba, dzanja likukwawa pakhoma. Ndinathamanga kuti ndikawagwire.

"Ndisiye iwe. Ndawamva kuchokera pansi, akupuma ngati pampu ya njinga."

Anatsika okha, sitepe ndi sitepe, mpaka phazi lawo linagunda msana wa bambo. Anakhala pambali pawo. Anawapapasa kumutu, kumaso, m'mapewa. "Mwaonda. Mwanayu sakukudyetsani."

Achimwene anatulukira pakona ndi anthu awo onyamula katundu, n'kuima. Njira yonse inali itatsekedwa ndi nkhalamba ziwiri.

"Amayi, mwatsika bwanji? Bambo, taonani zimenezi. Ndinanena ine kuti..."

"Khala chete, akulu akugwira ntchito," anatero amayi osatembenuka.

Dzanja lawo linatsikira pa ntchafu ya bambo. Anafinya mwamphamvu ndi zala zawo zochapa zija, n'kusiya. Anafinyanso, n'kusiya.

"Kamatero?"

"Kamatero," bambo anayankha chapansipansi. "Koma inu mwawonjeza moto."

"Ndiye kokani nawo. Madzi a tiyi ndasiya pamoto, ndipo soketi ya kukhitchini ikuthetheka chichokereni inu. Mukufuna ndipse?"

Bambo anagwira chitsulo. Amayi anafinyanso. Ndinaona mitsempha ya m'khosi mwa bambo ikutuluka, nsapato ikukanda simenti, ndipo anadzuka, dzandidzandi, koma anaima. Misozi ndinalephera kuibweza. Amayi anagwira lamba wa bambo kumbuyo kuti awatsogolere njira, ndipo anayamba kukwera, bambo patsogolo, akukangana za soketi.

Mmodzi wa onyamula katundu anafunsa achimwene kuti, "Bwana, tiyambire chipinda chiti?"

Achimwene anali atakwera kale kumbuyo kwa amayi, manja ali m'mwamba, osawakhudza.