Mimba Imene Ndinaikana Kuchigayo

Ndinalota sikelo ya amayi oyembekezera ataisamutsira kuchigayo. Dzuwa linali paliwombo, ndipo ndinaima pamzere ndi dengu pamutu ngati wina aliyense. M'dengumo munalibe chimanga. Munali mazira onse amene ndinakana kudya poopa kubala mwana wadazi, timapiritsi ta mavitamini timene ndinkamwera kubafa kuti apongozi asandione, ndi kachubu kanga kabuluu kopopera m'kamwa, kamene ndinakasiya tsiku lomwe ndinadziwa kuti mwezi wandidumpha.

Ine mphumu ndinabadwa nayo. Koma mimba yoyamba, imene ndinalengeza mudzi wonse ngati wailesi, inapita padera, ndiye yachiwiriyi ndinangoti pakamwa tseke, ngakhale kwa mwamuna wanga Lufeyo. Kachubuko ndinkakaopa chifukwa anthu amati kamawotcha mwana, ndipo kukafunsa kuchipatala kukanakhala kuulula.

Woyendetsa chigayocho anali azakhali anga aNagama, amene tinawaika m'manda zaka zinayi zapitazo. Thonje linali likadali m'mphuno. Ankatenga mayi aliyense, kumukoleka pangowe ya sikelo ngati mbuzi ya pamsika, n'kumufunsa chimene wanyamula. Wonena ankamupatsa kapu ya mpweya, amwe, atulukire khomo lakuseri. Wokana ankamuthira m'chigayo ndi chitenje chomwe. Mayi amene anali patsogolo panga anakana. Mano ake anathetheka m'makinamo ngati mbuliwuli, ufa wake unatuluka wofiira, ndipo mzere unasuntha pang'ono.

Atandikoleka ine, mtima unandiwawa. Ndinawakumbutsa kuti ndi iwo omwe anandilangiza kuti mimba yosaoneka sauza munthu, kuopa a maso oipa angaimange.

"Ndinalangiza ndikupuma," anatero azakhali. "Tsopano ndikufunsa ndisakupuma. Mwanyamula chiyani, mwana wa achimwene?"

Ndinati ndi malungo chabe. Ine ukandipanikiza ndiye ndimaumiratu mutu, abale anga amandidziwa.

Pomwepo mazira anayamba kuphulika m'dengu, limodzilimodzi, ndipo munkatuluka magazi. Timapiritsi tinathawira pansi pa makina. Kachubu kokha kanatsala, kanaima chilili, n'kundiuza mwaulemu kuti kakhala nane zaka khumi ndi zisanu ndipo sikakumbukira tsiku limene kanandilakwira. Ndinakakankha ndi phazi. Kanagubuduzika mpaka pakhomo lakuseri lija, kanakhala pamenepo.

Kenako fumbi la ufa linasonkhana pakona n'kukhala mwamuna wamtali wa jekete lotuwa. Ndinamuzindikira. Anali Mphumu, ngakhale ndinali ndisanamuonepo nkhope. Anawomba m'manja, anapereka moni kwa azakhali, anafunsa ngati kumanda kukugwa mvula. Atatha zonsezo anandichotsa pangowe, anandimenyetsa pansi pasimenti, n'kugwada pachifuwa panga ndi mawondo onse awiri. Nthiti zinathyoka ngati nkhuni zouma, ndipo ndinaziwerenga mpaka zisanu. Anapisa dzanja m'kamwa mwanga mpaka m'chigongono, anagwira mpweya wanga, anayamba kuusolola ngati chingwe cha pachitsime, akuukulunga pamkono mosafulumira. Ndinamuluma, ndinamukanda kumaso, koma m'zikhadabo munkangotsala gaga. Amayi a pamzere anayang'ana kumbali, poti munthu wa malungo si wa pamzere wawo.

Ndiye ndinamva kugogoda. Kunachokera m'kati, pansi pa mchombo, katatu, ngati mlendo wakhalidwe.

"Odi, amayi," anatero mwanayo. "Ine kuno ndilibe zenera. Ndimapuma umene mwapuma inu. Chingwe akukokacho, mbali inayo yamangidwa pa ine."

Abale inu, ndinachita mantha amene sindinawamvepo chibadwire. Ndinamumva akukokedwa, kakang'ono ngati nyemba, akukwera kudutsa m'mimba, akugwira nthiti zothyoka zija kuti asatuluke. Mphumu anakoka, mwana anakoka. Ndinayamba kukwawa chagada kulunjika pakhomo paja, mwamunayo ali pachifuwa pomwepo, msana wanga ukusupuka pasimenti. Kachubu kanali pafupi, koma nthawi iliyonse ndikatambasula dzanja khomo linkasuntha phazi limodzi. Azakhali anandiuza kuti khomo limenelo limaima likamva mawu, ndipo anawonjezera mafuta m'chigayo.

Anandigwira miyendo, iwo ndi Mphumu, anandikweza kukamwa kwa makina. Zidendene zinayamba kumva mphepo ya zitsulo. Azakhali anafunsanso funso lawo lija, kachiwiri komanso komaliza. Ndinafuna kunena, Mulungu ndi mboni, ndinafunitsitsa. Koma pakhosi panangotuluka kulira kwa wezulo.

Wezuloyo ndi amene anandidzutsa. Ndinali pamkeka kuseri kwa nyumba, masana omwewo, ndipo kulirako kunali kuchokera m'chifuwa mwanga ndithu. Chapafupi apongozi ankapeta mphale, gaga akuuluka kubwera kwa ine. Lufeyo anali kudimba. Milomo inali itachita dzanzi, ndipo ndinadziwa kuti mpweya umene ndatsala nawo ndi wokwana mawu atatu basi.

Ndinakwawa, ndinawagwira chitenje.

"Ndili ndi pakati."

Anaponya lichero pansi, mphale yonse mbwee.

"Mayi inu, tinadziwa kalekale, nyumba yonse. Timadikira kuti munene nokha. Kachubu kaja mwakabisa kuti?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwayankhe, koma mpweya wonse ndinali nditauthera pa zimene ankazidziwa kale.