Mpando Wotsetsereka wa Diederik

Machteld ankadana nayo mipando ya mchimwene wake Diederik, ndipo sankabisa. Anthu ena akakhuta amaweta agalu, koma Diederik ankaweta matabwa. Nyumba yake ya mumzinda wa Utrecht inadzaza ndi mipando yakale yopangidwa ndi akatswiri ojambula mapulani a nyumba, anthu amene mwachionekere anabadwa opanda matako. Thabwa apa, thabwa apo, kapenti kakuda, basi ati luso.

Tsikulo bambo awo, a Siebren, ankakwanitsa zaka makumi asanu ndi atatu, ndipo phwando linali kwa Diederik komweko. Kwa nthawi yaitali Diederik anakhala akulimbikira zoti mdalayo apite kunyumba yosungirako okalamba. A Siebren ankakana kwamtuwagalu. Ankafuna kufera m'nyumba yawo, pafupi ndi kadimba kawo ka nyemba, ndipo Machteld anali mbali yawo. Asanatsike m'galimoto anawachenjeza kuti, "Ababa, lero musaonetse kufooka. Ndodoyo isiyeni muno."

Monga mwa nthawi zonse, alendo anakhala mozungulira pabalaza, khofi m'manja, kagawo ka keke pabondo, n'kumadandaula za mvula ndi kuchedwa kwa sitima. Fenna, mkazi wa Diederik, ankagawa timabenthu ta tchizi mowerenga ngati mapiritsi.

"Mwini tsiku akhale pampando waulemu," anatero Diederik, akuloza wodula kuposa yonse, wamfupi kwambiri komanso wopendekera chagada. "Yotereyi inatsala yowerengeka padziko lonse."

"Inayo anthu anasonkhera moto, achimwene," anatero Machteld. "Anali ndi nzeru."

Palibe anaseka. A Siebren anatsetserekeramo, mawondo n'kuloza kudenga.

Kenako analowa mayi Geertje, mnansi wa a Siebren. Monga mwa mwambo wa kumeneko, anazungulira bwalo lonse, kugwira chanza aliyense n'kumuyamikira chifukwa cha tsiku lobadwa la munthu wina. Atafika pa mwini tsiku, a Siebren, amene chibadwire sanalonjerepo mzimayi ali chikhalire, anayesa kudzuka kuti apsompsonane m'masaya. Thupi linakana. Anayesanso, nsapato zinaterereka. Ndiye anagwira timatabwa ta m'mbali n'kukankha ndi mphamvu zonse, nkhope itafiira, mpando n'kuyamba kulira.

Diederik anadzambatuka mpaka khofi kutayika. Machteld ankayesa kuti akukagwira bambo ake dzanja. Ayi ndithu, munthu wamkulu ndi dazi lake anagwada n'kukumbatira mwendo wa mpando.

"Musatsamire pamenepo, ababa! Guluu wakeyo ndi woyambirira!"

A Siebren anachotsa manja msangamsanga ngati mwana wogwidwa akuba shuga, n'kugweramonso. Machteld ndi mayi Geertje anachita kuwazula, wina khwapa ili wina ilo, abale onse maso ali m'makapu mwawo. Machteld anapsa mtima, koma choposa mkwiyo chinali chisoni.

"Mwaonatu," anatero Fenna, ndi kamawu kachifundo konyansa. "Nanga zikanachitika ali okha kunyumba?"

"Kunyumba kwawo kuli mipando ya anthu, mlamu, osati misampha ya mbewa!"

"Tisakangane pa tsiku labwino ngati lino," anatero Diederik osadzutsa mutu. Anali chigwadire, akusisita ndi chala pamene matabwa analumikizana.

A Siebren anaima pakati pa bwalo, dzanja lili paphewa la Machteld. Anamuyang'ana mwana wawo wamwamunayo.

"Wathyoka?" anafunsa.

"Ayi, mwamwayi uli bwinobwino."

"Chabwino. Machteld, ukandiperekeze ndikachione chipinda cha kwa okalamba chija."

"Ababa, vuto ndi mpandowu, si inu!"

"Ndikudziwa, mwana wanga," anatero a Siebren motsitsa mawu. "Koma iwe umakhala kutali. Ndikadzagwa kwathu, woyamba kufika adzakhala ameneyu."