Mfumu Bizweki Aimba M'mabango

Ufumu unampeza Bizweki akusoka ukonde, ndipo mpaka 1972 anali asanauzolowere. Milandu ya malire a minda ya mpunga ankaiweruza bwino ndithu, koma mantha okha anali nawo, munthu woti ngakhale galu wogona ankamulambalala.

Chaka chimenecho a Mboni za Yehova onse okana khadi la chipani anayamba kusakidwa, nyumba zawo n'kumatenthedwa. Khrisitina, mwana wa mlongo wake, anali wa Mboni. Bizweki anamubisa pamodzi ndi kamtsikana kake, Ema, m'chimbowera, kanyumba ka asodzi koyandama pakati pa mabango a Chilwa.

Lachitatu m'mawa kunafika Grain, tcheyamani wa chipani, ndi ayufi atatu, anyamata a chipani, zibonga m'manja.

"Mfumu, inu ndinu maso a boma pamudzi pano," anatero Grain. "Tinjira ta m'mabangomu mumatidziwa. Mutiperekeze."

"Mulibe munthu mmenemo, a tcheyamani."

"Ngati mulibe, mukunjenjemera chiyani? Mfumu yobisa anthu mukudziwa komwe imapita."

Ankakudziwa. Mfumu ya mudzi woyandikana anainyamula pa galimoto mwezi watha, ndipo mkazi wake anali kudikirabe.

Analowa m'bwato, Bizweki n'kugwira nkhafi. Iye anafuna kulowera cha ku chilumba cha Chisi, kutali ndi chimbowera chija, koma Grain analoza kanjira komwe mabango anali atathyoka kumene. Bizweki anakhotetsera bwato m'kanjirako, kodutsa pafupi ndi chimbowera. Kukana sakanatha, kufuula sakanatha.

Apo mpamene nzeru inamubwerera. Anayamba kuimba nyimbo ya chipani mokweza, ndi mawu ake osasa aja, kuti Khrisitina amve, azimitse moto, akhale chete. Ayufi anaseka n'kumavomera. Mfumu inaimba ngati yapenga, thukuta lili kamukamu, ikupalasa kuti adutse msanga. Utsi sunaoneke. Chimbowera chinali chitatsala kumbuyo, kuseri kwa mabango, ndipo mtima wake unayamba kutsika.

Koma mawu osasa amenewo ndi omwe Bizweki ankamuimbira nawo Ema pomugoneka pamwendo.

"Anganga!" kanamveka kamawu kachimwemwe m'mabango. "Amayi, anganga abwera!"

Ayufi anasiya kuimba. Grain anatambasula dzanja pang'onopang'ono n'kulanda nkhafi ija.

"Yankhani, mfumu," anatero motsitsa. "Mwana akukuitanani."