Chitsime cha Pansi pa Katungwe

Pachilumba chathu cha Hirifaru panatsala chitsime chimodzi chokha, ndipo chinali changa. Zinazo anazikwirira chaka chimene dziko lalikulu la kutsidya linatipatsa makina osandutsa madzi a m'nyanja kukhala akumwa. Ankati madzi a m'zitsime amatsegula ana m'mimba. Ng'oma zinalira, anthu anaomba m'manja, simenti inathiridwa ngakhale m'chitsime cha kumzikiti. Ine ndinangoyala matabwa pa changa, n'kufotsera ndi mchenga, pamwamba n'kuimikapo katungwe wokhalapo alendo. Sindimukhulupirira munthu wokupatsa chinthu koma kiyi n'kusunga yekha.

Chaka chino abale athu a kutsidya aja anapempha Raiyfushi, kachilumba kopanda anthu komwe timakathyola kokonati, ati aikepo zida zoonera nyengo. Asodzi anaseka: nyengo yanji yofuna doko la sitima zotuwa zankhondo zija? Boma linati eni ake ayankhe okha. Khonsolo, imene wapampando wake ndi mlongo wanga Shujau, inakana.

Pasanapite nthawi mipopi inayamba kutsokomola. Madzi ankabwera m'mawa mokha, kenako timadontho. Mvula inali kutali.

"Zosefera zatha," anatero injiniya wawo, bambo waulemu mpaka kutopetsa. "Zina zikubwera."

"Liti?"

"Zimenezo n'za akuluakulu, mayi."

Ndinakanganula thabwa limodzi pa chitsime changa. Azimayi omwe ankandinena kuti ndine wotsalira anayamba kubwera mozemba, miphika ataiphimba ndi nsalu ngati akudzabwereka mpunga. Ndinkawatungira, koma pakamwa sindinkatseka ayi.

"Iwe Zulfa, si iwe unavina mpaka mpango kugwa? Kamwe ng'oma ija."

"Aaa, achemwali, mwana wanga akanakhala kuti amamwa mwano, bwenzi nditakhuta kale. Thirani apa."

Kenako kazembe wa dziko lija anabwera yekha. Shujau, amene mutu wake umagwira mochedwa, anamulandirira pakhomo pathu poti pali mthunzi, ndipo mlendo anakhala pa katungwe yemweyo. Tinamupatsa kokonati wamuwisi monga timachitira ndi mlendo aliyense.

"Kutsekemera!" anatero. "Wa ku Raiyfushi ameneyu, eti?"

"Eya, bwana," anayankha Shujau.

"Musavutike mtima ndi yankho lanu lija. Paubale sitikakamizana. Chikundiwawa ine ndi vuto la madzili. Anthu mukupirira bwanji?"

"Mulungu akutisunga."

"Indedi. Ndaona ana ali osambasamba."

Ankatero akudzikankha pang'onopang'ono pa katungwe. Chidendene cha nsapato yake chinagunda pansi. Gu. Mchenga sulira choncho. Anagundanso, mwadala tsopano, akumwetulira, maso ali pa ine. Ndinachita mantha, ndipo sindine munthu wochita mantha wamba.

"Mayi, pakhomo panu m'posamalika," anatero. "Muzisamalanso thanzi la ana. Mgwirizano wathu wa makina aja unanena bwino za madzi osatetezeka. Pamene pali chosowa, ife timathandiza."

Atapita ndinamukalipira Shujau mpaka akhwangwala anathawa mumtengo. Iye anangokhala pansi n'kumayang'ana matabwa aja.

Lachisanu bwato la katundu linafika. Chilumba chonse chinathamangira kudoko, ena atanyamula zigubu kale, poganiza kuti zosefera zabwera. Amuna anatsitsa matumba olemera, lililonse lili ndi mbendera ziwiri ndi manja awiri ogwirana chanza. Mwini bwato anafuula dzina langa.

"Mayi Shifaza! Mphatso yanu iyi. Ati musalipire kanthu, amisiri abwera okha."

Inali simenti.

Zulfa anakumbatira chigubu chake chopanda kanthu. Anthu onse anatembenukira kwa Shujau, ngakhale asodzi omwe ankaseka aja.

"Achemwali," Shujau anandinong'oneza, "muli madzi a masiku angati m'chitsime chija?"

Ndisanamuyankhe anali atayamba kale kuyenda kulowera ku ofesi ya khonsolo, kukasintha yankho lija. Palibe anamuletsa. Inenso sindinamuletse.