Madzi mu Beringi ya Kumanja

Galimoto ya kufamu inalowa pageti Lachiwiri m'mawa, yoyera mbee ngati yangotuluka m'sitolo, ndipo Kamoto anaizindikira atangoiona. Inali pikapu yaitali miyendo, yokoka ndi matayala onse anayi, ya m'misewu ya miyala ndi zigwembe. Miyezi iwiri yapitayo ndi iye amene anaiika beringi yatsopano, kachitsulo kamene tayala limazungulirapo, ku tayala lakutsogolo la kumanja. Galimoto yokonzedwa bwino sibwerera msanga chotere.

Dzina loti Kamoto mtsikanayu anapatsidwa ndi alamu ake, eni galajayo, chifukwa cha mtima wake wapachala. Umakaniko sanauphunzire kusukulu ayi. Anayamba ndi kugulitsa oilo pawindo, maso ali kubwalo kumene amuna ankagwira masipanala, mpaka tsiku lina anavala ovolosi ya alamuwo, n'kupinda miyendo kawiri, n'kukana kuvula. Achemwali ake anamuikira kumbuyo. Alamu analola, koma ndi pangano limodzi: galimoto ikadzabwerera chifukwa cha manja ake, iye abwerera pawindo. Chaka chinatha osabwererako, ndipo ntchitoyo ankaikonda kuposa tulo.

A Manijala a famuyo ndi amene anayamba kutsika. Dalaivala wawo, bambo wachikulire amene aliyense ankangomutcha a Ndevu, anatsalira akupukuta galasi ndi kansalu, ngakhale panalibe chopukuta.

"Bwana makaniko, ija munakonza yayambanso kuimba," anatero a Manijala, maso ali pa alamu. "Ukathamanga pang'ono, ngati njuchi zalowa m'galimoto. Ndinanena ine kuti galimoto yanga si yophunzirirapo atsikana."

"Ndinakonza ndine, bwana," anatero Kamoto. "Funsani ine, ndili pompano. Sindine mpanda."

"Mlamu, gwira mtima," anatero alamu. "Tenga jeke."

Anatenga jeke, koma anayamba wafunsa a Ndevu kuti phokosolo limakula akamakhotera kuti. Iwo anati kumanzere. Kamoto anayang'ana tayala lakumanja. Galimoto ikamakhotera kumanzere imalemerera kumanja, ndipo beringi yodwala imalira kwambiri ikasenzetsedwa katundu. Anakweza tayala lija m'mwamba, n'kuligwira dzanja lina pamwamba lina pansi, n'kuligwedeza. Linayankha gwede gwede. Analizungulitsa, chikhatho ali nacho pa sipuling'i, ndipo anamva kunjenjemera kwa chitsulo chimene chikupera mchenga m'kati.

Panalibe pothawira. Inali beringi yake.

Alamu anagwada pafupi naye, n'kulankhula motsitsa kuti alendo asamve. "Mlamu, windo lija lakusowa. Akuti palibe amene amathira oilo mokoma ngati iwe."

Ankaseka, koma Kamoto ankawadziwa alamu ake: nthabwala zawo zinkakhala ndi fupa m'kati.

"Wakufa saikidwa asanaonedwe nkhope, alamu. Ndiloleni nditsegule."

Anachotsa tayala, n'kumangirira mabuleki pambali ndi waya kuti asalendewere, n'kumasula manati a habu, chitsulo chimene chimasunga maberingi. Zitsulo anaziyala pakansalu motsatana monga zinatulukira. Ntchito iyi inkamuziziritsa mtima nthawi zonse, ngakhale lero. Atasolola beringi anaima kaye. Girizi amene anaikamo anali wofiira, wa m'chitini chatsopano. Amene anali pa zala zake tsopano anali wotumbuluka ngati tiyi wochuluka mkaka, ndipo timagudumu ta m'kati mwa beringi tinali ndi dzimbiri.

"Madzi," anatero, akukweza chala. "Awa sindinaikemo ine."

A Manijala anaseka. "Kwathu mvula inatha miyezi inayi yapitayo. Pamtsinje pali mlatho. Madzi achokera kuti, kumwamba? Kamphira kotchinga madzi kaja munakaika mopotoka, vomerani basi."

Kamoto anaunika kamphirako. Kanali kolunjika, kosang'ambika. Mawu oipa anafika pakhosi, koma anawabweza, n'kukokera jeke mbali inayo.

"Uko kulibe vuto," anatero alamu. "Ndinakonza ndekha chaka chatha."

"Ndiye simukuopa kanthu, alamu."

Tayala lakumanzere silinkagwedera, koma atatsegula, girizi wake nayenso anali atayamba kutumbuluka. Kamoto anapaka pang'ono pachikhatho cha alamu ake. Alamu anayang'ana chikhathocho.

"Windo lija n'laling'ono, alamu," anatero iye. "Awiri sitikwanapo."

Koma kuseka sikunayankhe funso la a Manijala. Kamoto anagona chagada n'kulowa pansi pa galimotoyo. Galimoto za kufamu zimabwera zitavala dothi kumimba, lokhuthala ngati pulasitala. Iyi kutsogolo kwake kunali koyera, kumbuyo kokha ndiko kunali fumbi. Pa chitsulo china chapansi panakola kanthu kobiriwira, kouma. Anakafikisa ndi zala. Ndere.

Anatembenuza mutu. Kuchokera pansipo ankaona nsapato za anthu atatu. Za a Ndevu zinkasuntha uku ndi uku.

Akanatha kutuluka ndi ndereyo m'manja n'kuiika pamphuno pa a Manijala, mlandu wake n'kuthera pomwepo. Koma mkwiyo wa bwana suuluka m'mwamba, umatera pa wina, ndipo ankaona pamene ukatere. Anaika ndereyo m'thumba.

"Bambo," anatero kwa a Ndevu atatuluka, "tandinyamulireni zitsulozi kuseri, tikazitsuke m'parafini."

Kuseri kwa galaja kunali beseni la parafini, mpopi, ndi ketulo ya tiyi pambaula. Kamoto anatulutsa ndere ija n'kuionetsa.

A Ndevu anapumira m'mwamba. "Mwana wanga, zaka khumi ndi zisanu ndakhala ndikutsuka galimoto pampopi wa kufamu. Chilimwe chino bwana anatseka mpopiwo ndi loko, akuti madzi ndi a mbande zokha. Koma galimoto akuifuna yoyera m'mawa uliwonse. Akapeza fumbi pa chitseko, amalembapo dzina langa ndi chala. Ndiye ndikabwera kutauni ndimatsikira kunsi kwa mlatho, ndimaimika matayala akutsogolo m'madzi, n'kutsuka."

"Mutangochoka pamsewu? Osadikira kuti zitsulo zizizire?"

"Ndidikire dzuwa lilowe?"

"Mbali iti imakhala pakuya?"

"Ya kumanja. Gombe lake n'lopendama." Anakanda ndevu. "Koma si galimoto ya m'madzi imeneyi? Pa chithunzi cha kumene anaigula ikuwoloka mtsinje."

"Kuwoloka ndi kwina, kuimamo ola lathunthu itatentha ndi kwina," anatero Kamoto. Mkwiyo wake unali utasintha njira. Sunalinso pa a Ndevu, unali pa bwana wawo. "Bambo, ndikakhala chete ndibwerera pawindo, ndipo beringi ina idzafa, mwina muli pa liwiro tayala n'kuthothoka. Ndikanena ndekha, akuthamangitsani. Tiyeni tikanene limodzi. Inu munene za mtsinje, za loko mundisiyire."

Anatenga botolo lagalasi lopanda kanthu, ketulo ija, ndi ndowa ya madzi ozizira. Kubwalo, a Ndevu anavula chipewa n'kufotokoza za kumtsinje zonse. Nkhope ya a Manijala inada.

"Ndiye ndinu, madala? Galimoto yanga mwaisandutsa bwato? Makiyi."

"Asanapereke makiyiwo, bwana, taonani ichi," anatero Kamoto.

Anathira madzi otentha pa botolo lija mpaka linatentha, kenako analizondotsa n'kumiza kukamwa kwake m'ndowa. Alamu anawazira madzi ozizira pamwamba pake. Pang'onopang'ono madzi anayamba kukwera m'khosi mwa botololo okha.

"Habu ikayenda ulendo wautali imatentha chonchi. Ikamizidwa m'madzi ozizira, mpweya wa m'kati umakhwinyata, n'kuyamwa madzi kudutsa kamphira, ngakhale katakhala katsopano. Izi a Ndevu sankazidziwa. Inunso simunkazidziwa. Koma iwo sanapite kumtsinje kukasambira. Munthu wamuuza kuti galimoto iziyera, mpopi mwautseka. Mumafuna azitsuka ndi malovu?"

"Mlamu," anatero alamu.

"Ndamaliza, alamu. Funso lokha ndi limenelo."

A Manijala anayang'ana alamu, kudikira kuti amudzudzule mtsikanayo. Alamu ankapukuta chikhatho chawo ndi kansalu, mosafulumira.

"Beringi yoyamba ija inafa mwezi wachiwiri chitsekereni mpopi," anatero alamu. "Iyi yafanso mwezi wachiwiri. Yanga ya kumanzere ili m'njira. Mukasintha dalaivala, watsopanoyo adzaupeza mtsinje womwewo. Ndowa ziwiri patsiku, bwana, mbande sizingafe."

A Manijala anatenga botolo lija, n'kuliyang'ana ngati lili ndi mlandu. Dzanja limene linkadikira makiyi analibweza m'thumba.

"Ndowa ziwiri," anatero kwa a Ndevu. "Osati zitatu." Kenako, akuyang'ana tayala osati munthu: "Imalizidwa nthawi yanji?"

"Funsani makaniko," anatero alamu, n'kuloza Kamoto ndi chibwano.

"Ikamakwana folo koloko," anatero iye. "Mbali zonse ziwiri."

Pepani sanamve, ndipo sanamudikire. Anakhala pa kampando kake, n'kutsuka habu m'parafini mpaka chitsulo chinawala. Anagogoda mphete zakale zokhalapo beringi n'kuzitulutsa, n'kulowetsa zatsopano mofanana mbali zonse. Anaika chibuma cha girizi wofiira pachikhatho, n'kumakanikizirapo beringi yatsopano, kuizungulitsa pang'onopang'ono mpaka girizi anatulukira pamwamba pa kagudumu kalikonse. Gawo limeneli ndi limene ankalikonda koposa; silifuna mphamvu, limafuna kudekha, chinthu chimene anthu ankati alibe. Nati anaimanga akuzungulitsa tayala kuti beringi ikhazikike, n'kuibweza pang'ono, n'kuimanganso mpaka gwede anatha koma tayala likuyenda momasuka.

Achemwali ake anasuzumira pawindo la oilo, kumene ankagulitsa ndi iwo tsopano. "Ndamva kuti ukubwera kudzandilandira."

"Funsani amuna anu, achemwali. Girizi wawo ndi amene wasanduka mkaka."

"Wa chaka chathunthu ameneyo," anayankha alamu ali pansi pa galimoto ina. "Wako miyezi iwiri yokha. Tisayerekeze."

Folo koloko itatsala pang'ono, anakwera ndi a Ndevu kukaiyesa. Anatuluka mumsewu wa tala n'kulowa wa miyala kuseri kwa malo osungira matabwa. A Ndevu anakhotera kumanzere, kumanja, kumanzerenso, Kamoto atatsitsa galasi, khutu lili kunja. Kunkamveka miyala yokha ikuthethetsa pansi pa matayala. Ataima anatsika n'kugwira habu iliyonse ndi kuseri kwa dzanja. Zinali zofunda chabe, zonse mofanana.

Fumbi linali litakwera mpaka pa zitseko. A Ndevu anatulutsa kansalu kawo, n'kuyang'ana chitseko, n'kuyang'ana Kamoto.

"Isiyeni, bambo," anatero iye. "Ikamwe ndowa zake ziwiri kunyumba."

A Ndevu anapinda kansaluko n'kukabweza m'thumba. Kamoto anakwera, n'kuika mapazi pa bokosi la masipanala. Kugalaja kunali lole ya mchenga imene inkamudikira chiyambire m'mawa.