Chitoliro Chosuluka

Mlamu wake ataitanitsa chitoliro, mayi wamasiyeyo anazengereza kudzuka pampando. Katundu wina wa malemu mwamuna wake anali atakwezedwa kale m'galimoto panja: njinga, wailesi ndi masuti. Chotsala chinali kilarineti, chitoliro cha mphira wouma chimene malemuyo ankaliza kutchalitchi. Mwana wawo wamkazi anali ataphunzira kuchiliza, ngakhale chichitikireni maliro sanachikhudze. Popita kuntchito m'mawa uja anangoti, "Amayi, zina zonse atenge. Chokhacho ayi."

Koma mayiyo analibe pakamwa pokanira mkulu wa mwamuna wake. Analinso ndi manyazi. Maliro atatha, pofuna kulemekeza chitolirocho, anachitsuka ndi sopo m'madzi otentha n'kuchiyanika pawindo lakuchipinda. Anachisiya pomwepo kuti azichiona akamapemphera m'mawa. Dzuwa linachiwomba mpaka kuda kwake konse kunasuluka, chinasanduka chobiriwira ngati madzi a m'chithaphwi.

"Ichi n'chiyani?" anafunsa mlamuyo, atachigwira ndi zala ziwiri ngati khoswe wakufa. "Mng'ono wanga anali ndi chitoliro chakuda bii, chonyezimira. Ichi mwachitola m'ngalande iti?"

"Ndi chomwecho, alamu. Ndinachitsuka."

"Munachitsuka! Ndi madzi otentha, eti, ngati poto wamafuta? Bwanji osachikwecha ndi phulusa lomwe? Ine ndimati ndikachipachike pabalaza, alendo azidziwa kuti kwathu kunali woimba. Zaka zonsezi m'nyumba ya munthu wanzeru, nzeru osakulowaniko olo pang'ono!"

Mayiyo anaweramitsa mutu. Mkazi wa mlamuyo, amene anabwera naye limodzi, anatambasula dzanja. Iyeyu asanakwatiwe ankaliza chitoliro chotere m'gulu limodzi ndi malemuyo. Wamasiyeyo anaona zala za mkaziyo zikukhazikika pamabowo ngati zafika kwawo, tizitsulo tonse tikutseka bwinobwino. Mantha anamugwira. Uyu akangonena kuti chidakali chabwino, basi chapita.

Mkaziyo anachipukuta ndi chala, n'kununkhiza, n'kukwinya mphuno.

"Fuu! Mazira owola enieni. Bambo, ichi mukuti chikalowe m'nyumba mwanga?"

"Sichingakonzeke?" anafunsa mwamuna wake.

"Chikonzeke chiyani? Kuda kuja sikudzabwereranso. Mukachipachika pabalaza, alendo adzati mwakolowekapo mpaipi wa kuchimbudzi. Inunso amayi, zinthu zimene simukuzidziwa muzifunsa. Manja enawa ndi ochapira basi."

Mawuwo anamulasa wamasiyeyo koposa a mlamu aja. Mkazi ameneyu ndi amene anagona naye pamphasa imodzi masiku a maliro, n'kumamufunditsa nsalu m'mbandakucha. Chamumtima wamasiyeyo anangoti, Ambuye, ndigwirireni lilime.

Mlamuyo anaponya chitolirocho pampando n'kupukuta zala pathalauza. "Sungani chinyalala chanucho. Mukatsukenso, mwina chiyera." Anatuluka akuseka yekha.

Mkazi wake anafika pakhomo, n'kubwerera. "Ndaiwala mpango," anatero mokweza. Mpangowo unali paphewa pake. Anawerama pafupi ndi khutu la mnzakeyo.

"Chasuluka khungu lokha, mawu ake sanapite kulikonse. Padzuwa musachiikenso, madzi otentha ayi. Kansalu konyowa ndi madzi ozizira, kenako kadontho ka mafuta, mupukute mpaka chiume, muchitsekere m'bokosi mwake. Mwana uja achilize kutchalitchi Lamulungu. Ndidzakhala kumbuyo."

Panja hutala ya galimoto inalira.

"Ndikubwera!" anakuwa mkaziyo. "Ndimawauza atsegule mawindo, fungo lichoke!"

Galimoto itapita, mayiyo anakhala kanthawi atafumbata chitolirocho. Kenako anatunga madzi mumtsuko, n'kung'amba kansalu pa malaya akale a malemuyo amene mlamu anawasiya poti anali obooka.

Madzulo mwana wake anapeza bokosi lili patebulo. Analitsegula, nayang'ana mtundu wa chitolirocho nthawi yaitali, koma sanafunse za mtunduwo.

"Bambo aakulu achisiya bwanji?"

"Achinyoza," anayankha mayiyo. "Makamaka mayi ako aakulu. Uziwatchula ukamapemphera."

Mwanayo analumikiza zidutswa zake, nanyowetsa kabango kapakamwa, n'kuuzira. Mawu anatuluka omwe aja, akuya, odzaza nyumba. Mayiyo analowa kuchipinda, nakoka katani pawindo lija.