Njinga Yopukusa Mutu pa Mtsetse

Bambo a mapasa anafika pagalaja akukankha njinga yawo yamoto, chonsecho mafuta analimo ndipo injini inalibe vuto. Buluku lawo linali long'ambika pabondo, ndipo pachigongono panali bala la dzulo lomwe.

Mwini galajayo anali mlamu wawo, mlongo wa mayi a mapasa, munthu wowonda ngati bango amene aliyense ankangomutchula kuti Sipanala. Iye anadzutsa mutu pamene ankamanga tcheni cha njinga ina, n'kuseka.

"Alamu, masiku ano njinga ndi imene ikukwera inu?"

Bambo a mapasa sanaseke nawo. Anaimika njinga pamthunzi wa malata, n'kupukuta thukuta ndi chikhatho.

"Ikupukusa mutu," anatero. "Pamtsetse uja wotsikira kumlatho. Ndikangogwira buleki, chiwongolero chimayamba kupita uku ndi uku ngati wina akundilanda. Dzulo ndagwetsa mayi wina ndi dengu lake la tomato."

"Wavulala?"

"Wasupuka mwendo. Koma akanakhala kuti wabereka mwana..."

Aka kanali kachiwiri kugwetsa munthu pamalo omwewo, ndipo nkhani inali itafika kale kwa wapampando wa pasiteji pomwe ankanyamulira anthu. Wapampandoyo analankhula mwaulemu koma mosabisa: ngati vuto lili m'njinga, alione ndi maso ake masana ano. Ngati njinga ili bwino, ndiye kuti vuto ndi woyendetsa, ndipo jekete ya nambala ibwezedwe kusiteji. Popanda jeketeyo palibe munthu akanawakwera.

Panali china chimene bambo a mapasa sanauze aliyense, ngakhale akazi awo. Malemu bambo awo anayamba kunjenjemera manja ali amsinkhu ngati womwewu. Zinayamba pang'onopang'ono, tiyi kutayikira m'sosala, khasu kupulumuka m'manja, mpaka pomaliza ankachita kumwetsedwa madzi ngati mwana. Tsono m'mawa wa tsikuli, bambo a mapasa atanyamula kapu, anaona tiyi akuchita timafunde. Anaiika pansi msanga akazi awo asanatembenuke.

Sipanala anayamba ntchito modekha. Anayeza mpweya m'matayala onse awiri, n'kusisita mano a matayalawo ndi chikhatho kufuna pamene padyeka mbali imodzi.

"Matayala ali bwino."

Anakhazika njinga pachitsa kuti tayala lakutsogolo likhale m'malere, n'kulizungulitsa atatchera khutu. Linazungulira mwakachetechete, losapotoka. Kenaka anagogoda masipoko limodzilimodzi ndi sipanala, ndipo onse analira mofanana, ngwe, ngwe, ngwe.

"Palibe lomasuka. Zili bwino."

Anatembenuza chiwongolero kumanja ndi kumanzere pang'onopang'ono, maso atatsinzina, kumvetsera ngati chikodwe penapake. Anagwedeza tayala lakumbuyo uku ndi uku. Anakunga ulusi kuchokera kumbuyo mpaka kutsogolo, n'kugwada kuti aone ngati matayala akutsatana mzere umodzi. Paliponse yankho linali lomwelo. Tsiku lina lililonse mawu akuti "zili bwino" akanakhala okoma kuwamva, koma lero lililonse linkagwa mumtima mwa bambo a mapasa ngati mwala m'chitsime. Analowetsa manja m'matumba.

Anatsala mashoki akutsogolo, miyendo iwiri yachitsulo imene imagwira tayala n'kumameza mabampu. Panjinga imeneyi miyendoyo inali yovala. Mayi a mapasa, pokhala telala, anaisokera timatumba tansalu totchinga fumbi, ndipo anzawo pasiteji ankatiseka kuti ndi masokosi. Sipanala anayendetsa dzanja pamasokosiwo, n'kuyang'ana zala zake.

"Shoki ikamataya oyilo sibisa, alamu. Imanyowa, fumbi n'kukakamira pomwepo. Izi zauma gwa, zoyera ngati malaya a mkwati." Anakanda m'mutu. "Dikirani ndiikwere."

Analiza njinga n'kuloza msewu wosalala wodutsa kuseri kwa msika. Asanabwerere, wapampando anatulukira. Anali munthu wathupi, wolankhula pang'onopang'ono, ndipo anapereka moni ndi manja awiri asanakhale pabenchi. Nthawi yomweyo Sipanala anatulukira pakona, atasiya chiwongolero, manja ali m'chiuno, njinga ikubwera yokha mowongoka ngati yakokedwa ndi chingwe. Ataona amene wakhala pabenchi anagwira chiwongolero msanga, koma zinali zitaoneka kale.

"Yapukusa?" anafunsa wapampando.

Sipanala anazimitsa injini, maso ali pansi. "Kwa ine ayi, akuluakulu. Koma sindinathe kuyang'ana zonse."

"Watsala pati?"

Sipanala anayang'ana matayala, chiwongolero, mashoki, zonse zimene anali ataziyeza kale.

Wapampando anapumira m'mwamba, n'kutembenukira kwa bambo a mapasa. "Achimwene, ine ndi inu tinayamba limodzi ntchito imeneyi. Musandione ngati mdani. Tatulutsani manja m'matumbamo, muwatambasule."

Kutali kunkamveka chigayo. Bambo a mapasa anatulutsa manja, n'kuwatambasula kutsogolo monga ankachitira bambo awo kuchipatala. Anauza manjawo mumtima kuti akhale chete. Zala zinayamba ndi kugwedera pang'ono, kenaka zikhatho zonse zinatsatira, ngati masamba kukubwera mphepo.

Sipanala anatola nsanza n'kumapukuta sipanala yoyera kale. Bambo a mapasa anatsitsa manja, n'kuyamba kufunafuna zipi ya jekete pakhosi. Zala zinkaiphonya.

"Odi kuno! Kodi mwamuna wanga mwamubisa pati?"

Anali mayi a mapasa, atanyamula jumbo, tepi yoyezera ikadali m'khosi. Anapereka moni kwa wapampando atapinda bondo, kenaka anayang'ana amuna awo.

"Abambo, mwachoka ndi buluku long'ambika ngati kunyumba kulibe singano. Anthu azinena chiyani za ine? Nali lina, kasinthireni kuseriko." Anaona nkhope za onse atatu, mawu awo n'kutsika. "Kwagwanji?"

"Njinga sindikuipeza vuto, achemwali," anatero Sipanala.

"Iwe ungapeze vuto? Munthu wake iwe, wothira oyilo ngati ukuthirira dimba?" Anafuna kuti aseketse anthu, koma palibe anaseka, ndiye anangopitiriza mwamanyazi. "Sopo wanga anatha ndi masokosi amenewa. Lakumanzereli linkangokhala lakuda bii, lonata, tsiku ndi tsiku. Mpaka ndinasoka ena osinthira."

Nsanza inagwa m'manja mwa Sipanala.

"Mwati lakumanzere?"

"Lomweli. Mbandakucha, abambowa akamasamba, ndinkavula lakudalo, kupukuta chitsulocho bwinobwino, n'kuveka loyera. Munthu wonyamula anthu azioneka waukhondo. Koma tsopano lasiya. Papita masabata angapo likubwera loyera."

"Lasiya," anabwereza Sipanala chapansipansi. "Achemwali, silinasiye chifukwa lachira. Lasiya chifukwa oyilo watha."

Anakwinyira masokosi onse awiri m'munsi, n'kuyendetsa chikhadabo pamene chitsulo chimalowa m'chinzake. Kamphira kotsekera oyilo kakumanzere kanali kong'aluka, kamng'alu kakang'ono ngati tsitsi. Anatenga chitini, n'kumasula kabawuti kapansi pa shoki yakumanja. Oyilo wakuda anatsika mokhuthala mpaka kuphimba pansi pa chitinicho. Anasamukira kumanzere, n'kumasulanso. Onse anayi anawerama. Panatuluka kampweya, fuu, kenaka timadontho tochepa, basi.

"Mwaona, akuluakulu?" Mawu a Sipanala ankathamanga. "Mwendo umodzi ukugwira, winawu ukungodumpha ngati mpira. Ine wopepuka ngati nkhuku yonyowa, pamsewu wosalala, singaonetse kanthu. Koma pamtsetse paja, munthu ali kumbuyo, buleki itagwidwa, kulemera konse kumathamangira kutsogolo. Ndiye pali timabampu tija totsatizana. Mwendo uwu ukuti tiime, uwu ukuti tivine. Chiwongolero chimvere uti?"

Mayi a mapasa anagwira pakamwa. "Ndiye kuti ndine ndinkafufuta..."

"Inu munkachapa," anatero amuna awo mofatsa. Anali mawu awo oyamba chitambasulireni manja. "Ine ndinkangoona njinga ikuwala, n'kumanyada."

Wapampando anayang'ana m'chitini kwa nthawi, kenaka anadzuka.

"Vuto la njinga ndaliona. Koma manja ajanso ndawaona, ndipo sindinganame kuti sindinaone. Konza, Sipanala. Ukamaliza, achimwene anditsitse pamtsetsepo ineyo. Ikapirira thupi langali, ipirira aliyense."

Ntchito inatenga nthawi. Sipanala anachotsa tayala, kusolola miyendo yonse iwiri, kuitsuka, kuika timphira tatsopano, n'kuthira oyilo wofanana mbali zonse, akuyeza ndi kabotolo kamodzi kuti pasakhale wochuluka kwina. Nthabwala zinali zitamuthera. Mayi a mapasa sanabwerere kumakina awo. Anakhala pabenchi, masokosi ali pamiyendo, akungowapinda ndi kuwapindulanso.

Dzuwa litapendeka, njinga inatsika pachitsa, miyendo yake ili yosavala, ikunyezimira. Wapampando atakhala kumbuyo, njinga inabwatama. Bambo a mapasa anamanga chipewa, n'kuliza injini.

Anadutsa msika, kudutsa chigayo, mpaka msewu unayamba kuweramira kumtsinje. Mlatho unaoneka m'munsi, wopapatiza, wa zitsulo m'mbali. Pambali pa msewu panali tomato wa dzulo uja, wophwanyika, ntchentche zili ng'waa. Bambo a mapasa anamva manja awo akunyowa. Anamvanso kunjenjemera kuja kukuyamba m'zala, ndipo sanadziwe ngati ndi kwa injini kapena kwawo.

Njinga inayamba kuthamanga yokha. Mimba ya wapampando inawakankha kumsana. Timabampu tija tinkayandikira, totsatizana ngati mizere ya m'munda. Apa ndi pomwe pankayambira zonse. Mtima unawauza kuti aponde pansi, aime, avule jekete zithe. Koma zala zinapita zokha pabuleki monga zinazolowera zaka zonsezi, n'kufinya pang'onopang'ono.

Mutu wa njinga unatsika mofatsa. Bampu yoyamba inalowa m'mashoki n'kuthera momwemo. Yachiwiri chimodzimodzi. Iwo anadikira kulandidwa kuja, mano atalumana, mapewa atauma. Chiwongolero chinangokhala phee m'manja mwawo, cholozabe pakati pa mlatho. Matabwa analira pansi pa matayala, kenaka anali kutsidya.

Anaimika njinga pansi pa mtengo, n'kuzimitsa injini. Wapampando anatsika movutikira. Osadikira kuuzidwa, bambo a mapasa anatambasula manja awo. Ankagwederabe pang'ono.

Wapampando anawayang'ana, kenaka anatambasula ake pambali pa awowo. Zikhatho zake zikuluzikuluzo zinkanjenjemera kuposa za mnzake.

"Taonani angawa," anatero akupuma mwabefu. "Pamwamba paja ndinali nditayamba kale kutsanzikana ndi ana anga. Munthu wagwetsa munthu dzulo, lero akumuvula jekete, manja angakhale chete bwanji? Ine ndiye ndinalakwa kukuyezani nthawi imene ija."

Anaima choncho amuna awiriwo, manja ali m'malere, madzi akuyenda pansi pa mlatho. Pang'ono ndi pang'ono zala za bambo a mapasa zinayamba kudekha, mpaka zinaima zii. Anaziyang'anabe kwa kanthawi. Anaganiza za kapu ya m'mawa ija, n'kutsimikiza kuti akafika kunyumba akawauza mayi a mapasa, kuti mawa akaione ali awiri.

"Kokani zipiyo ifike m'khosi, nambala izioneka," anatero wapampando akukweranso. "Ndipo mukawauze alamu anga, mayi a mapasa, kuti masokosi asokebe, ndi okongola. Koma sokosi likada, lizifika kaye kwa Sipanala lisanaone sopo."